Ndani Agwira Swichi ya Lusaka?

Mukamadutsa pa mlatho wa mumsewu wa Great East, cakufupi ndi likulu la Zesco, maso amagwera pa cinsanja ca simenti cotakata m'munsi, cowonda m'ciuno. Ambiri timaciona ngati cikwangwani cabe. Koma cinsanja cija ndi cotsalira ca sitesheni yakale ya magetsi. Pamalo paja panali kuyaka malasha, osati a pa mbaula ai, koma a mumgodi, obwera pa sitima kucokera ku Wankie, kumene lero kumachedwa Hwange. Motowo unali kuwiritsa madzi, nthunzi n'kumazunguza makina, ndipo nchito ya cinsanjaco inali kuziziritsa madziwo kuti abwerere m'mapaipi. Malaiti a Lusaka anali kupangidwa mu Lusaka momwemo.

Lero khonsolo ya mzinda uno, imene ili ndi udindo woyatsa misewu, misika ndi masitesheni a basi, ndi kasitomala wa Zesco monga mmene alili amai anu ndi amai anga. Imalandira bilu, ndipo load shedding ikafika, nayonso ikhala mumdima. Zinafika bwanji pamenepa? Ndi nkhani ya madamu, ya ndale, komanso ya thumba la khonsolo limene linabooka pang'onopang'ono.

Magetsi a m'tauni m'dziko muno anayambira ku Livingstone mu 1906, ndi kasitesheni kakang'ono kamene kanali kuunikira cigawo cimodzi cabe ca tauniyo. Mu 1938 anayamba kupanga magetsi ndi madzi a Zambezi, m'munsi mwa mathithi a Mosi-oa-Tunya. Ku Copperbelt migodi inali ndi masitesheni akeake. Panalibe nthambo imodzi yolumikiza dziko lonse. Tauni iliyonse inali kudzionera yokha, ndipo m'matauni ambiri khonsolo ndiyo inali kugawa magetsi m'nyumba ndi kutolera ndalama zake. Kuno ku Lusaka, pofika nthawi ya ufulu, nchitoyi inali m'manja mwa kampani ya Central Electricity Corporation.

Khonsolo ya nthawi imeneyo inali ngati munthu wa mashopu angapo. Inali kugulitsa madzi, kulandira lendi ya nyumba zake, kutolera msonkho wa malo, ndi kugulitsa mowa. Inde, mowa. Phindu la m'mabiyaholo a khonsolo ndilo linali kulipirira zinthu zambiri za m'makomboni a anthu akuda, monga maholo ndi mabwalo a masewera. Kunena mosabisa, wanchito wakuda anali kudzimangira yekha holo ndi ndalama ya cikho cake ca Loweruka, pamene msonkho wa kumayadi unali kuthera kumayadi komweko.

Ndiye tisanamizane kuti kale zonse zinali bwino. Pamene likulu linasamuka kucoka ku Livingstone kubwera ku Lusaka mu 1935, pulani imene anayamba kujambula Stanley Adshead inali ya mzinda wa minda ya maluwa ndi misewu yotakata, wa azungu ocepa ndi anchito ao. Munthu wakuda anali kuwerengedwa ngati mlendo wodzagwira nchito, wobwerera kumudzi akakalamba. Nthambo za magetsi zinatsata maganizo omwewo: zinapita ku Ridgeway, ku Rhodes Park, ku Cairo Road. Amene anamanga nyumba zao pa mafamu a azungu ndi pafupi ndi makwale a miyala, kumene kunabadwira makomboni monga Kanyama, Chawama, George ndi Kalingalinga, sanali pa mapu, ndipo amene sali pa mapu salowa mu bajeti.

Cimene cinasintha zonse ndi damu. M'zaka za m'ma 1950 migodi ya kopa inali ndi njala ya magetsi, mwakuti mu 1956 inayamba kuwakoka kucokera ku Congo. Boma la Northern Rhodesia linali litakonda kale za kumanga damu pa Kafue Gorge. Koma dziko linali litalowetsedwa m'citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo mu 1955 boma la citaganyalo, limene linali ku Salisbury, linasankha Kariba. Kampani ya ku Italy ya Impresit inamanga khoma la mamita 128. Atonga pafupifupi 57,000 a m'cigwa ca Gwembe, tsidya lino ndi tsidya lija, anasamutsidwa, kusiya minda ya m'mphepete mwa mtsinje ndi manda a makolo ao. Midzi yambiri ya kumene anawatayako inakhala zaka makumi osaona ngakhale babu limodzi. Mukamagula mayuniti pa foni, dziwani kuti alipo amene analipira kale bilu yoyamba.

Makina onse a Kariba anaikidwa tsidya la kum'mwera, ndipo sitesheniyo inatsegulidwa mu 1960. Panthawiyo sizinaoneke ngati vuto kwa olamulira, popeza kwa iwo linali dziko limodzi. Citaganya citatha mu 1963, damuyo inapatsidwa ku bungwe la maiko awiri lochedwa Central African Power Corporation. Kenako pa 11 Novembala 1965, Ian Smith analengeza ufulu wake wa cipanduko. Zambia, ya caka cimodzi cabe, inadzuka n'kupeza kuti swichi ya migodi yake ndi ya likulu lake ili m'dziko la mdani. Malasha anali kucokera komweko. Mafuta anali kudzera komweko, ndipo atatsekeka, petulo anayamba kubwera pa ndeke ndi kugulitsidwa moyeza.

Boma la a Kenneth Kaunda linayankha ndi simenti ndi zitsulo. Paipi ya mafuta ya Tazama yocokera ku Dar es Salaam inatha mu 1968. Mgodi wa malasha unatsegulidwa ku Maamba. Damu ya Kafue Gorge, imene inakanidwa mu 1955, inamangidwa ndi kampani ya Energoprojekt ya ku Yugoslavia, n'kuyamba kupereka magetsi kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970. Pofika 1977, damu ya Itezhi-Tezhi yosungira madzi itatha, sitesheniyo inafika pa mamegawati 900. Tsidya lathu la Kariba nalonso linalandira makina ake a mamegawati 600 ca m'ma 1976 ndi 1977.

Pakati pa zonsezi m'pamene panabadwira Zesco. Lamulo lake linadutsa mu 1969, kampaniyo n'kuyamba mu 1970. Inameza Central Electricity Corporation, Northern Electricity Supply Corporation, Victoria Falls Electricity Board, ndi nchito za magetsi zimene zinali m'manja mwa makhonsolo. Kwa ine, cosankha cimeneci cinali canzeru pa nthawi yake. Palibe khonsolo imene ikanakwanitsa kukongola ndalama zomangira Kafue Gorge, ndipo dziko lozingidwa ndi adani silikanasiya magetsi ake m'tizidutswatizidutswa. Komanso matauni a kutali monga Mongu ndi Chipata sakanadzilipirira okha nthambo. Koma posankha conco, matauni anataya shopu yao imodzi yaphindu, ndipo palibe cokhazikika cimene cinaikidwa m'malo mwake.

Sikuti kulikonse anacita cimodzimodzi. Ku South Africa mizinda ikuluikulu imagulabe magetsi ku Eskom pa mtengo wa pikulitsa n'kumagulitsa kwa anthu ake. Johannesburg ili ndi kampani yakeyake, City Power, ndipo phindu la magetsi ndi mbali yaikulu ya bajeti ya mizinda yotere. Nayonso njira imeneyi ili ndi minga yake, cifukwa makhonsolo ambiri kumeneko amadya ndalamazo osalipira Eskom, nkhongole n'kumangokula. Zimbabwe inatsata njira yathu m'zaka za m'ma 1980, pamene ZESA inatenga madipatimenti a magetsi a Harare, Bulawayo, Gweru ndi Mutare.

Tibwerere kwathu. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 Zambia inali ndi magetsi oposa amene inali kufuna, mpaka kumagulitsako kunja. Cocuruka sicisamalidwa. Mtengo wa yuniti unasungidwa pansi kwa zaka zambiri, popeza palibe wandale amakonda kukweza mtengo wa malaiti, ndipo migodi, imene imadya pafupifupi theka la magetsi a dziko lino, inali ndi mapangano akeake. Mtengo wa kopa utagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, ndalama zomangira zatsopano zinasowa. Kwa zaka zoposa 30 kucokera mu 1977, dziko silinamange sitesheni ina yaikulu. Ngakhale moto umene unaononga nthambo za mkati mwa Kafue Gorge mu 1989 sunatiphunzitse kuopsa kodalira malo awiri okha.

Koma anthu sanaleke kubadwa, ndipo sanaleke kubwera m'tauni. Mu 1963 Lusaka inali ndi anthu oposa 120,000. Mu 1969 anali atapitirira 260,000. Kalembera wa 2022 anapeza oposa 2 miliyoni m'boma la Lusaka. Lamulo la nyumba la 1974 linavomereza kuti makomboni sadzagwetsedwa onse, ndipo ndi thandizo la World Bank madera monga George ndi Chawama analandira mipopi ndi misewu. Mabanja amenewo, ana ao ndi adzukulu ao ndiwo lero ali ndi mafiriji, masaluni, mabucha ndi makina owocherera mageti.

Mzinda ukukula conco, thumba la khonsolo linali kunka licepa. Lamulo la 1980 linasakaniza khonsolo ndi cipani ca UNIP, bwanamkubwa wa boma n'kukhala pamwamba pa zonse, ndipo mpaka 1991 kunali kovuta kusiyanitsa ndalama ya mzinda ndi ya cipani. Madzi anacotsedwa m'dipatimenti ya khonsolo n'kupatsidwa ku kampani ya Lusaka Water and Sewerage, imene inakhazikitsidwa mu 1988 n'kuyamba nchito mu 1990. Khonsolo ndi mwini wa masheya m'kampaniyo, koma ndalama za mabilu sizilowanso m'thumba lake, ndipo colinga cinali comweco: kuti ndalama ya madzi ikonze mapaipi, isalipire malipiro a ku Civic Centre. Kenako mu 1996, caka ca cisankho, a Frederick Chiluba analamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa okhalamo pa mitengo yotsika kwambiri. Ambiri amene tinakulira ku Libala, Kabwata, Chilenje kapena Matero tidziwa kuti imeneyi inali mphatso yaikulu, ndipo nyumba zimenezo zaphunzitsa ana ambiri. Sindinganene kuti zibwezedwe. Koma lendi ya mwezi ndi mwezi inathera pomwepo.

Tsono werengani: magetsi anapita, madzi anapita, nyumba zinapita. Cotsala ndi msonkho wa malo ndi nyumba, malaisensi a mabizinesi, ndalama za zikwangwani, za m'misika ndi m'masitesheni, ndi thandizo locokera ku boma lalikulu. Msonkho wa nyumba umadalira buku la mitengo ya nyumba, limene likakalamba, nyumba ya nsanjika imalipira ngati ikali ciwembe. Za m'misika ndi m'masitesheni, tonse tikumbukira zaka zimene makada a zipani anali kutolera ndalama ku Intercity ndi kwina ngati kuti malowo anawasiyira agogo ao. Pa zotsalazo khonsolo iyenera kulipira anchito, opuma nchito, kutola zinyalala, kugula dizilo, ndi kulipira bilu ya malaiti. Mukakhala msungicuma wa khonsolo, ndipo ndalama ikwanira cimodzi cabe pakati pa malipiro ndi bilu, mudzasankha malipiro, cifukwa nyale ya mumsewu sicita sitalaka.

Apa m'pamene pamayambira unyolo wa nkhongole. Maofesi a boma acedwa kulipira madzi, kampani ya madzi icedwa kulipira Zesco, Zesco nayo icedwa kulipira amene amaigulitsa magetsi. Aliyense ali ndi womuloza cala. Ndipo madzi ndi magetsi mu Lusaka ndi mapasa. Mbali ina ya madzi athu imacokera mu mtsinje wa Kafue, imayeretsedwa ku Iolanda, n'kukankhidwa ndi mapampu mtunda wa makilomita oposa 40, cokwera phiri. Mbali ina imacokera m'mabowa oposa 100 a mumzinda momwemo, ndipo lililonse lifuna pampu. N'cifukwa cake malaiti akapita, pompi imayamba kutsokomola mphepo. Pompi ikauma ku Kanyama, anthu amapita ku zitsime zosaya, m'dera la miyala yamphakomphako limene madzi a m'zimbudzi amayenda pansi mosavuta. Kolera ili ndi zifukwa zambiri, koma amene anaona sukulu zikucedwa kutsegulidwa mu Januwale 2018 ndi mu Januwale 2024, ndi bwalo la Heroes litasanduka cipatala, sangaone bilu ya magetsi ya kampani ya madzi ngati nkhani ya muofesi cabe.

Nanga cifukwa ciani nyanja yaikulu ngati Kariba ingatisiye mumdima ikali ndi madzi? Funso limeneli ana a sukulu amalikonda. Yankho lili pa mamita 13. Nyanjayo ikadzaza, madzi amafika pa mamita 488.5 pamwamba pa nyanja ya mcere. Akatsika kufika pa 475.5, makina sangayende bwinobwino, cifukwa pakamwa pa mapaipi olowetsa madzi pali pamwamba. Madzi onse a pansi pa mzere umenewo ndi a kapenta ndi ng'ona. Bungwe la Zambezi River Authority, limene linalowa m'malo mwa la kale lija mu 1987, ndilo limagawira Zambia ndi Zimbabwe madzi oti agwiritse nchito caka ciliconse. Mu 2024 linapereka makiyubiki mita 16 biliyoni cabe, kugawana pakati. Pa 29 Febuluwale caka comweco a Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Miyezi ingapo pambuyo pake, pa makina 6 a tsidya lathu panali kuzungulira amodzi, ndipo load shedding inafika maola 21 pa tsiku. Ya 2015 ya maola 8 ija, imene tinali kuilira, inaoneka ngati masewera. Dziko limene magetsi ake oposa 80 peresenti amadalira mvula linali litaonjezako Kafue Gorge Lower ya mamegawati 750 mu 2023, koma nayonso imamwa mumtsinje.

Munthu wanjala sakambirana mtengo, ndipo apa nkhani ifika pa kagulidwe. Mu 2016 Zambia inagula magetsi ocokera pa sitima ya pamadzi ya kampani ya Karpowership ya ku Turkey, imene inaima pa doko la Nacala ku Mozambique. Magetsi a mwadzidzidzi otere amadula kwambiri kuposa a m'damu, ndipo amalipiridwa m'madola. Kumapeto kwa 2024 bungwe la Energy Regulation Board linavomereza mtengo wa mwadzidzidzi kuti Zesco ipeze ndalama zogulira magetsi kunja. Koma m'caka ca 2016 comweco munacitikanso cina. Bungwe la Industrial Development Corporation linaitana makampani kuti apikisane poyera pa kumanga minda ya sola. Neoen ya ku France inapambana ndi mtengo wa masenti 6.02 a ku America pa yuniti, umodzi mwa mitengo yotsika kwambiri mu Africa panthawiyo. Munda wake wa mamegawati 54 unatsegulidwa mu 2019. Dzina lake ndi Bangweulu, koma musakaufune ku Samfya: uli kum'mwera kwa Lusaka konkuno. Dziko limodzi, caka cimodzi, wogula mmodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti kwina tinagula tikuthamanga, kwina titakhala pansi.

Liu lakuti tenda lili ndi tsoka m'cinenero cathu, cifukwa zikaculuka zimakhala matenda. Amene anali atayamba kale kuwerenga nyuzi mu 2017 akumbukira magalimoto 42 ozimira moto amene anagulidwa pa madola 42 miliyoni, imodzi miliyoni yathunthu. Kuzima moto ndi nchito ya makhonsolo, koma wogula unali unduna wa maboma aang'ono, makhonsolo n'kungolandira makiyi. Laura Miti, woimba Pilato ndi anzao anagwidwa pocita cionetsero kunja kwa Nyumba ya Malamulo pa tsiku la bajeti, ndipo khoti linawamasula kumapeto kwa 2018. Bungwe lolimbana ndi ziphuphu linanena panthawiyo kuti ndondomeko yogulira inatsatidwa. Cimene cimandiopsa ine ndi comweco: mapepala onse angakhale ndi sitampa, mtengo n'kukhalabe wosamveka. Lamulo la kagulidwe ka boma la 2020 linayesa kutseka mpata umenewu, ndipo bungwe la ZPPA tsopano limafalitsa mndandanda wa mitengo ya pamsika woti ogula a boma aziyerekezera nao.

Malamulo aakulu a dziko, monga anakonzedwera mu 2016, anapatsa anthu mphamvu yosankha meya mwacindunji, ndipo pa mndandanda wa nchito za makhonsolo analembapo nyale za m'misewu, kuzima moto, ngakhale magetsi amene. Pa pepala swichi inabwerera ku Civic Centre. Koma nthambo, matransifoma ndi mamita zonse zikali za Zesco. Cimene cinasinthadi ndi ndalama ya CDF, imene mu 2022 inalumpha kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu. Madera 7 a mu Lusaka a panthawiyo, ndiwo Chawama, Kabwata, Kanyama, Lusaka Central, Mandevu, Matero ndi Munali, pamodzi anayenera kulandira pafupifupi K180 miliyoni m'caka cimodzi. Ina imapita ku mabasare ndi ku nkhongole za makalabu, koma yaikulu ndi ya zitukuko zimene makomiti a m'mawadi amapempha, ndipo kugula kwake kumadzera ku khonsolo.

Sola nayo yatsika mtengo mwakuti, kwa nthawi yoyamba kucokera mu 1970, tauni ingathe kudzipangira magetsi ena popanda kumanga damu. Denga la msika, la kiliniki kapena la sukulu lingasenze mapanelo, ndipo malamulo a net metering a 2024 alola kuti otsala alowetsedwe mu nthambo za Zesco. Pampu ya pa bowa ingayende ndi dzuwa masana n'kudzaza thanki. Nyale za sola za m'misewu sizibweretsa bilu.

Koma sizibweretsa bilu ya mwezi cabe. Panelo imatha kukhala zaka 20 ndi kuposa, pamene batire yake imafooka m'zaka zocepa, makamaka ikakhala yochipa ndipo ikuwauka ndi dzuwa la Okutobala. Fumbi la Ogasiti likakuta panelo, mphamvu imatsika. Batire ikaikidwa m'kabokosi kofikika, akuba amaipeza usiku woyamba. Ndalama ya citukuko imagula mtengo wacitsulo ndi nyale, pabwera akuluakulu kudzadula riboni, koma kusintha batire ndi kulipira wokwera makwerero kukapukuta kumagwera pa bajeti ya tsiku ndi tsiku ya khonsolo, thumba lobooka lija. Conco komiti ya wadi yanu ikapempha nyale za pa msika kapena pa njira ya ku sitesheni, cikalata ca tenda ciyenera kuchula mtundu wa batire, zaka za waranti, maola amene nyale iyenera kuyaka kukacita mitambo masiku awiri, ndi dzina la dipatimenti imene idzagula batire yaciwiri. Misonkhano ya khonsolo yonse imakhala yotsegukira anthu, ndipo bajeti ya caka cotsatira imakambidwa caka cisanathe.